Kadontho Kakuda pa Sokosi Yoyera

Zithunzi zinayamba kutuluka zogwedezeka nyengo yotentha itangofika. Wojambula uja, amene anthu a mumsewu wonse ankamutchula kuti Mwetulirani chifukwa ndilo liwu limene ankafuula asanadine batani, anayamba waimba mlandu kamera yake. Anaipukuta, anaimangitsa bwino pa miyendo yake itatu, anasintha magetsi a mu situdiyo, koma ayi ndithu. Nkhope zinkatuluka zooneka bwino, koma miyendo ya anthu inkaoneka ngati ya ovina.

Tsiku lina kunabwera atsikana ophunzira unamwino, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka sokosi. Atachoka, Mwetulirani anakhala pa kompyuta n'kuyamba kukulitsa chithunzi chawo pang'onopang'ono. Pa sokosi ya mtsikana wa kumapeto panali kadontho kakuda. Anatsegula chithunzi chotsatira: kadontho kaja kanali katakwera pakakolo. Pa chachitatu kanali katasowa, ndipo mtsikanayo anali atanyamula phazi, akukanda mwendo wina ndi nsonga ya nsapato.

Anadzuka ngati wapondera khala la moto.

"Amayi! Amayi, tabwerani msanga mudzaone!"

Mkazi wake ankaluka tsitsi m'chipinda cha kutsogolo, pakuti nyumbayo anaigawa patatu: saluni kumaso, situdiyo pakati, kogona kuseri. Analowa chipeso chili m'manja.

"Mwatola golide kodi?"

"Kuposa golide! Kamera yanga ilibe mlandu. Taonani apa. Tsopano apa. Kakuyenda, amayi, kakudumpha! Ndi utitiri! Anthu aja sagwedezeka dala, akulumidwa!"

Iye ankaseka ndi chisangalalo cha munthu amene wamasula mwambi wovuta. Mkazi wake sanaseke. Anavula silipasi n'kuika phazi pampando. Kakolo yense anali ndi timatuza tofiira tondondozana.

"Ine ndakhala ndikukanda usana ndi usiku, inu n'kumati ndi udzudzu."

Onse awiri anatembenuka nthawi imodzi. Pakati pa kapeti yofiira, imene makasitomala ankaimapo, panali patagona mphaka wotuwa. Anatsegula diso limodzi, n'kunyamula mwendo wakumbuyo, n'kuyamba kukanda kuseri kwa khutu mosachita manyazi.

Mphakayo ankamutchula kuti Abwana, chifukwa ankakhala pampando wa alendo ndipo sankasuntha ngakhale kubwere munthu wa tayi. Anabwera yekha ali kamwana, atanyowa ndi mvula, ndipo kuyambira pamenepo anakhala mnzake wa ntchito wa Mwetulirani. Mwana wolira kwambiri ankatonthola akangoona Abwana atakhala pamwamba pa kabati kuseri kwa kamera, ndipo maso ake ankayang'ana kumene wojambula ankafuna.

"Achimwene akubwera kumapeto a mwezi," anatero mkazi uja. "Akhala akupempha mphaka, makoswe awathera mbewu m'chipinda chosungiramo. Adzamutenge."

"Amayi, chonde. Ameneyu ndi wantchito."

"Wantchito wobweretsa alendo ake? Makasitomala anga akangomva kuti muno muli utitiri, ndani adzabweretse mutu wake kuti ndiuluke?"

Mwetulirani anachonderera mpaka kugwira mwendo. Potsiriza mkaziyo analoza kapeti ija ndi chipeso.

"Chabwino. Tsiku limene achimwene adzafike, ndidzavala sokosi zoyera ndi kuyenda pamenepa ndekha. Kamodzi kokha kakadzandidumphira, Abwana anuwo akwera basi ndi achimwene."

M'mawa mwake anaika mphaka m'katoni yoboola n'kuthamangira kwa dokotala wa ziweto. M'njira malangizo anamugwera ngati matalala. Wosoka nsapato wa pakona anati amusambitse ndi palafini. Mlonda wa pasitolo anati ali ndi mankhwala otsala amene anasambitsira galu wake. Mwetulirani anawathokoza onse mwaulemu koma sanaime.

Dokotalayo anali mayi wamfupi wolankhula mofulumira. Anayala pepala loyera patebulo, n'kuliwaza madzi, n'kuyamba kupesa mphaka ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono. Tizinthu takuda ngati tsabola wopera tinagwera papepala, ndipo pasanapite nthawi tinasungunuka n'kusanduka tofiira.

"Haa! Matsenga!" anafuula Mwetulirani, dzanja likufufuza kamera m'chikwama.

"Si matsenga, bambo. Ndi zitosi za utitiri. Zafiira chifukwa ndi magazi a mphaka wanuyu."

Atamva za palafini ndi mankhwala a galu, dokotalayo anagwira m'chiuno.

"Mukanatero mukanabwera naye kuno ali gwa. Mankhwala ena a galu ndi poizoni kwa mphaka, musadzayerekeze."

Anamuyeza mphakayo kulemera, anapatula ubweya kumbuyo kwa khosi, pamene lilime silifika, n'kudonthezapo mankhwala a amphaka.

"Apa tathana ndi utitiri wochepa chabe. Nkhondo yeniyeni ili kwanu. Utitiri umaikira mazira pa mphaka, mazirawo n'kumayoyokera pa kapeti, m'mipando, m'ming'alu ya pansi. Adzakhala akuswa kwa masabata angapo, ndiye musadzati mankhwala anga ndi abodza. Chapani zonse ndi madzi otentha, kokani fumbi tsiku ndi tsiku, mupeseni, ndipo mwezi ukatha mubwere naye ndidzadonthezenso."

Mwetulirani anabwerera kunyumba akuyenda ngati msilikali. Anatulutsa kapeti n'kuiyanika pawaya kuseri, n'kuimenya ndi ndodo mpaka anansi anasuzumira pampanda kufuna kuona amene akumenyedwa. Nsalu zakumbuyo zonse, ya mitambo, ya maluwa ndi ya nyumba yosanja imene anyamata ankaikonda, zinalowa m'beseni la madzi otentha. Bulangete la Abwana linalowanso momwemo. Anakabwereka makina okoka fumbi kwa wogulitsa mipando, n'kuwayendetsa m'makona monse, pansi pa kabati, m'mphepete mwa khoma ndi m'mikwingwirima ya mpando wa alendo. Fumbilo ankalimanga m'pepala la pulasitiki n'kukalitaya kutali, poopa kuti adani angabwerere wapansi.

Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali msampha. Madzulo akamatseka situdiyo ankaika beseni la madzi a sopo pakati pa chipinda, n'kuweramitsira pamwamba pake getsi lina lojambulira, atalimangitsa bwino kuti lisagwe. Utitiri unkadumphira kuwala ndi kutenthako, n'kugwera m'madzi, ndipo sopo sankaulola kutulukanso. M'mawa ankathamangira kukaona asanasambe n'komwe.

"Amayi, taonani zokolola za lero!" anatero tsiku lina, akulowa mu saluni ndi beseni.

Mkaziyo anamutsekereza ndi thupi lonse, kuti mayi amene ankamuluka asaone.

"Bwererani nazo! Mukufuna kunditsekera ntchito? Munthu wamkulu kumanyadira utitiri ngati wawedza nsomba!"

Masiku anapita, zokolola zinachepa, mpaka m'mawa wina madzi anapezeka oyera. Mwetulirani anavina yekha pakati pa situdiyo, anamunyamula Abwana m'mwamba n'kumuuza kuti basi ija ipita yopanda iye. Koma sabata yotsatira beseni linadanso ndi timadontho tatsopano, tating'ono kuposa toyamba tija. Anakhala pansi n'kugwira kumutu. Mawu a dokotala aja anawakumbukira bwino, koma mtima sumamva za mazira. Mapeto a mwezi anali pafupi.

Ali chikhalire choncho, chinthu china chinagwa pamwendo pake. Chinali chipeso chabwino koposa cha mu saluni, cha mano othithikana.

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe," anatero mkazi wake, akukoka kampando. "Mugwireni. Inu mumapesa ngati mukupalira m'munda. Ndipo musaganize kuti ndikuchitira mphakayu. Ndikuchitira akakolo angawa."

Kuyambira tsikulo ankamupesa awiri madzulo alionse. Mwamuna ankagwira, mkazi ankapesa kuyambira kukhosi mpaka kumchira, akuviika chipeso m'kapu ya madzi a sopo. Abwana, amene kale ankathawa akangomva mapazi a mayiyo, anayamba kumatsinzina n'kumalira ngati injini yaing'ono. Mwetulirani anaona zonsezi koma anatseka pakamwa, poopa kuwononga zinthu.

Mlamu wake, mchimwene wa mkazi uja, anafika tsiku lomwe ananena, munthu wamtali wa mawu aakulu, chiguduli chopinda chili kukhwapa.

"Alamu! Ali kuti msilikali wanga? Makoswe kwathu afika pomandipatsa moni!"

"Takulandirani, alamu. Khalani kaye, mlandu sunagamulidwe."

Mlamuyo anakhala pampando wa alendo n'kuponya chiguduli chake pambali, m'mphepete mwa kapeti. Mkazi uja analowa atavala sokosi zoyera zofika m'mawondo, nkhope ili ngati ya woweruza. Mwetulirani anayatsa magetsi onse a mu situdiyo, n'kugwada pansi kuti maso ake alingane ndi akakolo.

Mkaziyo anayamba kuyenda, akukhwekhwereza mapazi dala. Anafika kukhoma. Sokosi zinali mbee. Anatembenuka, anadutsa pakati, anaima pamene mphaka ankakonda kugona, n'kupondaponda.

"Palibe!" anafuula Mwetulirani. "Alamu, ndinu mboni, palibe!"

"Sindinathe," anatero mkaziyo, n'kulowera chakumpando wa alendo.

Kadontho kanatera pa sokosi yakumanzere. Kenaka kena. Kenaka tambiri, ngati wina wawaza tsabola.

Mwetulirani anayang'ana Abwana, amene anali pamwamba pa kabati akunyambita phazi, osadziwa kuti akuweruzidwa.

"Pepani, alamu," anatero mlamu uja mwachifundo, akukanda msongolo. "Ndidzamusamala bwino."

Mwetulirani anayang'ana dzanja lokandalo. Anayang'ana thalauza. Kenaka anayang'ana chiguduli, ndipo m'kuwala kwa magetsi aja anaona timadontho tikuthetheka kuchokera m'mapindo ake ngati mafuta m'chiwaya.

"Musasunthe! Aliyense asasunthe!"

Anakoka pepala lalikulu loyera lojambulira, analiyala pansi, ananyamula chiguduli ndi zala ziwiri n'kuchigwedeza kamodzi kokha. Pepala lonse linayamba kudumphadumpha.

"Alamu, pachiguduli ichi pamagona ndani?"

"Aa, agalu basi. Ndinangochitola pakhonde pochoka, ndimati ndinyamuliremo mphakayo."

"Achimwene!" Mawu a mkazi uja anamveka mpaka kumsewu. "Mwezi wathunthu tikumenya nkhondo muno, inu n'kutibweretsera gulu lina pa basi? Tulukani! Tulukani ndi katundu wanuyo!"

"Koma mlongo wanga, mphaka uja..."

"Mphaka wake uti? Ndamupesa ndi manja angawa mpaka ubweya ukuwala, ndiye akagone ndi agalu anu a utitiriwo? Mphaka wanga sapita kulikonse! Makoswe anuwo muwatchere misampha!"

"Wanu, amayi?" anafunsa Mwetulirani, akulephera kubisa mano.

"Inu musandiyambe. Kulungani pepalalo msanga, muike madzi pamoto!"

Mwetulirani anakulunga pepala ndi chiguduli pamodzi n'kuthamanga nazo panja, akuseka mpaka misozi. Pobwerera anapeza mlamu wake ataimitsidwa pakati pa bwalo la kuseri, manja ali m'mwamba, mlongo wake akumukuntha thalauza ndi tsache.

"Alamu," anaitana munthu wamkuluyo motsitsa mawu, akudumpha tsache, "dokotala wanu ujatu, agalu amawaonanso?"

"Amawaona! Mawa m'mawa ndikuperekezani ndekha. Koma lero muvule thalauzalo lilowe m'beseni. Ndikubwerekani langa, ngakhale likulekezani m'mawondo."