Umboni wa munda wa Eliza

Pa Likoma pano munda sausunga ndi khasu lokha, amausunga ndi abale. Ine Rose ndinabadwira ku Yofu, ndakalambira komweko, koma zimenezi ndazidziwa mochedwa, pamene mnzanga Eliza ankalandidwa munda ine ndili pomwepo.

Eliza anachokera kutsidya, ku Cobue, kudzakwatiwa ndi Oswald, msodzi wa m'mudzi mwathu amene analibe ngakhale kadimba. Chaka china mphepo ya mwera inagubuduza bwato la a Nathaniel, eni malo ambiri m'mbali mwa njira ya ku Chipyela, ndipo Oswald ndiye anawavuula. Pothokoza, a Nathaniel anamudulira munda. Tinalipo mboni zitatu tsikulo, ndipo ine ndi amene ndinasenza miyala ya m'malire. Ndinamva ndi makutu angawa akunena kuti mundawo ndi wa Oswald ndi mkazi wake mpaka kalekale. Kalata panalibe. Ndani akanavutika kulemba kalata chifukwa cha munda wamiyala woti ngakhale mbuzi zinkaunyoza?

Eliza anaulima mundawo zaka makumi atatu ndi mphambu zinayi. Anazula miyala ndi manja mpaka chinangwa chinayamba kulola. Mwana sanaone. Oswald atamwalira anangotsala ndi mundawo, ndi ife anzake a kutchalitchi. Koma mayi ameneyu anali ndi vuto limodzi: kuthokoza kosatha. Chaka chilichonse, akakumba chinangwa choyamba, ankasenza dengu lodzaza kupita nalo kwa a Nathaniel. Atamwalira iwo, ankapereka kwa akazi awo. Ndinkamuseka kuti adzathokoza mpaka kumanda, iye n'kumangoti kupatsa n'kuika.

Kenako Chipyela anayamba kufutukuka. Maofesi anachuluka, ogwira ntchito m'boma anafuna nyumba za lendi, ndipo miyala ija imene tinkainyoza inasanduka ndalama. Mclean, mwana wa a Nathaniel, anabwerako ku Lilongwe ndi munthu wofuna kumanga nyumba zisanu ndi imodzi. Malo amene munthuyo anakonda anali a Eliza, chifukwa anali osalala kale ndipo ali pafupi ndi njira.

Musaganize kuti Mclean ndi chilombo. Akanakhala chilombo zikanaphweka. Mwamuna wanga atadwala, ndi iye amene anatilandira kumtunda n'kutisunga m'nyumba mwake milungu itatu. Mlongo wake anakwatiwa ndi mwana wa achimwene anga. Ndipo mwana wanga Fumbani, amene anakhala zaka zisanu akungozungulira pamsika ndi satifiketi yake m'thumba, anali atalonjezedwa ntchito yoyang'anira zomangazo. Mclean anabwera kwathu masana, anakhala pamphasa ngati mwana wapakhomo, sanandiopseze, sanandipemphe kanthu. Anangonena kuti akudziwa kuti zakale zimaiwalika, ndipo palibe amene angadandaule ngati munthu wamkulu ngati ine sakumbukira bwino.

Mlandu unakambidwa Lachinayi m'mawa pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa akomiti oona za malo. Mbali ya Mclean kunadzaza, amalume, azilamu, ena oti sanaupondepo mundawo chibadwire. Eliza anakhala yekha pa chitenje chake. Mboni ziwiri zija zinali zitagona kumanda, ndiye maso ake anali pa ine.

Mclean sanachulutse mawu. Anafunsa ngati pali munthu amene sanaonepo a Eliza atasenza dengu kupita kwawo chaka ndi chaka. Onse anavomera kuti anawaona. Ndiye anafunsa kuti kodi munthu amapereka zoyamba za m'munda wake womwe kwa wina? Mesa amatero ndi wobwereka? Anthu anang'ung'udza movomereza, pakuti pachikhalidwe chathu n'zoonadi, wobwereka munda ndiye amasenza dengu. Eliza anayesa kufotokoza kuti kwawo munthu akakuchitira zabwino suiwala, koma mawu ake ankamveka ngati akuvomera mlandu.

Wapampando anatembenukira kwa ine. Iyenso mkazi wake ndi msuweni wa Mclean. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Amake Fumbani, akuti inu munalipo. A Nathaniel anapereka kapena anabwereketsa?"

Fumbani anali ataima kumbuyo kwa gulu, atavala malaya ake abwino. Ndinayang'ana pansi.

"Pepani, n'kale. Miyala ndinasenzadi, koma mawu ake sindikuwakumbukira."

Eliza sanalire, sanakuwe. Akomiti anamupatsa mwezi umodzi woti akumbe zake. Manyazi amene ndinamva tsikulo sindinawamvepo, ndipo ndinadzida.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti amayi ena atayamba kundinena kuchitsime, Eliza ndiye ankanditeteza. Ankawauza kuti asiye munthu, ukalamba sufunsa, naye masiku ano amaiwala pamene waika mpeni. Ndinkamuzemba. Kutchalitchi ndinasintha benchi.

Sabata yomaliza ndinamva kuti Eliza wagulitsa nkhuku zake ndipo akubwerera ku Cobue, kwa mwana wa mng'ono wake amene sanamuonepo atakula. Miyendo inanditengera yokha kumunda. Zikhomo zopaka utoto wofiira zinali zitakhomedwa kale m'makona. Ndinamupeza akuzula chinangwa chosakhwima, timizu tonga zala. Ndinatola khasu lake lachiwiri n'kuyamba kumuthandiza, ndipo tinamaliza mizere itatu.

Atatopa anakhala pamzere n'kupukuta manja pachitenje.

"A Rose, pano palibe munthu, ndi ife awiri. Zilekeni za munda, wapita umenewu. Koma ine mutu wandisokonekera. Anthu onse aja akunena chimodzimodzi, ndiye ndayamba kuganiza kuti mwina Oswald anandinamiza, kapena ine sindinamve bwino poti ndinali mlendo. Sindifuna kuwoloka nyanja ndikumuganizira zoipa mwamuna wanga. Palibe kakang'ono komwe kamene mukukumbukira?"

Ndinamuuza zonse. Ndinamuuza pamene a Nathaniel anaima, ndodo imene analozera nayo malire, mawu awo mmene anawanenera, ndiponso kuti iye Eliza anagwada n'kuwomba m'manja mwachikwawo, ife n'kumaseka. Palibe chimene ndinasiya.

Anandiyang'ana. Ndinaona pankhope pake kuti wazindikira, kuti munthu woiwala sakumbukira ndodo.

"Ndiye Oswald sananame," anatero. Anadzuka, natenga khasu lija m'manja mwanga. "Pitani, amake Fumbani. Kotsalaku ndimaliza ndekha."