Hatchi Yomvera Mluzu Wanga

Ine ndine Isake. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikusamala hatchi ya pa esiteti ya fodya kuno kwa Msakambewa. Tinaitcha Dzungu chifukwa cha mtundu wake. Malemu bwana wamkulu ankaikwera poyendera minda, koma anali okalamba, ankaopa kugwa. Ndiye ine ndinkayenda patsogolo monga timachitira ndi ng'ombe zapangolo. Ndikaimba mluzu kamodzi, Dzungu ankayenda. Ndikaimba kawiri, ankaima. Bwana ankangokhala pachishalo ngati thumba la chimanga.

Iwo atamwalira, esiteti inatsala m'manja mwa mwana wawo, mayi Dorothy. Tsiku loyamba kukwera, anakokera zingwe kumanzere, Dzungu n'kulowera kumanja komwe ndinaima ine. Anamugunda ndi zidendene, iye n'kuyamba kudya udzu. Matenanti anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Hatchi yosamvera woikwera ndiisungirenji?" anatero mayi. "Mwezi umodzi. Ikapanda kusintha ndiigulitsa."

Panali tenanti wina wochokera ku Thyolo, dzina lake Fatsani, amene anagwirapo ntchito ya mahatchi kwawoko. Mayi anamuitana. Fatsani anamuzungulira Dzungu kamodzi, kenako n'kuyang'ana ine.

"Achimwene, hatchiyi si yogontha ayi. Munaizoloweza kuti woiyendetsa amakhala pansi. Kuti isinthe, inuyo musamaoneke."

"Ndisamaoneke? Iwe wabwera dzanadzanali, ukuidziwa bwanji?"

"Sindikuidziwa. Koma m'mutu mwakemo mwadzaza inu nokha, wina alowera pati?"

Basi mayi ananditumiza kuchigafa kukasoka fodya. Ndinkasuzumira pakati pa masamba. Fatsani sankagwira chikwapu. Ankakwera, n'kufinya pang'ono ndi miyendo. Dzungu akapanda kusuntha, ankafinya kwambiri. Akangoponda phazi limodzi, ankamasula miyendo pomwepo n'kumukanda pakhosi. M'mawa wonse, mapazi atatu okha.

"Lero mwafika pati, a dalaivala?" ndinamufunsa masana. "Pa Dowa boma?"

"Tidakali pa siteji, achimwene. Tikudikira idzaze."

Ndinaseka, mtima uli mbee. Koma sabata yachitatu ndinamva kanthu kamene kanandiwawa. Dzungu ali ndi kaliridwe kake kapansipansi, kamene ankandilonjera nako ndikamabwera ndi gaga. Tsiku limenelo analira choncho, ine ndili kuchigafa. Ankalonjera Fatsani. Kunyumba chakudya chinandikanika.

"Kodi bambo a Sharon, akulandani mkazi?" anafunsa mkazi wanga Faines. "Chifukwa ine ndilipo, ndiye wina ndi uti?"



Mwezi utatha, mayi Dorothy anakwera kuti aone. Matenanti anasonkhananso. Njira yake inali yodutsa pafupi ndi chigafa, ndipo ine ndinali m'katimo, kuseri kwa fodya. Ndinkadziwa bwino kuti Dzungu akaima osauzidwa ndi mayi, lole ibwera kudzamutenga. Ndinkadziwa. Komabe ndinkafuna anthu onsewo aone kuti hatchiyi mwini wake ndani.

Ndinanyambita milomo. Ndinaimba mluzu kawiri.

Khutu limodzi la Dzungu linatembenukira kwa ine. Anachepetsa liwiro, mutu n'kupendeka. Mayi anafinya ndi miyendo monga anawaphunzitsira Fatsani. Khutu lija linabwerera kumbuyo kwa wokwera, ndipo Dzungu anapitirira ulendo, osacheuka.

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinakhala pansi pa mulu wa mapesi.

Patapita kanthawi Fatsani analowa m'chigafa. "Muli mbalame inayake muno, achimwene. Ikuimba bwino, koma yachedwa."

"Ukawauza mayi?"

"Ndikanene kuti chiyani? Mwandithandiza kuyesa mayeso omaliza."

Dzungu sanagulitsidwe. Mayi anandibwezera kukhola, ndipo gaga ndimamupatsa ndine, kumupesa ndine, ndowe kuwola ndine. Amadya m'manja mwanga ngati kale. Koma Fatsani akamadutsa kuseri kwa khola akulankhula ndi anzake, Dzungu amasiya kutafuna n'kuimika makutu. Ine ndimangogwira beseni, kudikira kuti adutse.