Mng'alu wa m'chipinda cha Mayankho

Fyness atafika kuchokera kuchipatala m'mawa wa Lachinayi, analunjika m'chipinda cha mwana wake, Mayankho, yunifolomu ya unamwino ili m'thupi. Anayang'ana khoma. Mng'alu uja panalibe.

Kwa miyezi itatu mng'aluwo unkatsika kuchokera pa zenera, kulunjika pomwe mwanayo amatsamiritsa mutu. Unayamba ngati ulusi, koma sabata yathayi Fyness analowetsamo chala. Nyumbayi anaigula yatsopano ku Rotherham, m'dziko la azungu kumene ankakhala, ndipo kampani yomanga inalonjeza kukonza chilichonse cholakwika kwa zaka ziwiri. Lonjezo limeneli, lotchedwa walanti, limatha Loweruka. Woyendera nyumba wotumidwa ndi kampaniyo anali kubwera tsiku lomwelo kudzaona ndi maso ake.

“Bambo a Mayankho!” anafuula. “Mwalitani khomali?”

Mwamuna wake, Dunstan, anakwera masitepe akumwetulira, penti ili m'zikhadabo.

“Ndamata dzulo. Mwaona mmene lasalalira? Mlendo angapeze nyumba ili yong'aluka ngati khola la mbuzi?”

“Mlendo wake uti? Munthuyu akubwerera mng'alu womwewo!”

“Tingomuuza pakamwa. Kwathu ku Dowa ngakhale wodzapempha moto timamusesera pabwalo.”

“Kuno si ku Dowa, inu. Kuno chimene sanachione kulibe.”

Kumwetulira kwa Dunstan kunazilala. Anapukuta manja pa thalauzi, belu la pakhomo n'kulira.

Woyendera nyumbayo anali mzungu wa imvi, dzina lake Rowland. Anavula nsapato, nakana tiyi mwaulemu, n'kuyamba kuzungulira ndi tochi. Fyness ankamutsatira pambuyo. Ankadziwa kuti akanena zoona, kampani ikhoza kunena kuti khomalo analiwononga okha. Akakhala chete, Loweruka lidutsa, ndipo Mayankho apitiriza kugona pansi pa khoma limene palibe akudziwa tsiku lake logwa.

M'chipinda muja Rowland anaunika uku ndi uku, nasisita khoma ndi chikhatho.

“Mu kalata munalemba za mng'alu,” anatero m'Chingerezi. “Ine sindikuuona. Nyumba zatsopano zimachita timizere pamene zikuuma. Ndilemba kuti zonse zili bwino.”

Dunstan anagwedeza mutu, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa chozolowera kusatsutsa mlendo. “Thank you, sir,” anatero ndi mawu otsika.

Fyness anayang'ana bedi la mwana. Chidole chinali pa pilo, pansi penipeni pa malo omatawo. Kuchipatala anaonapo mabala otsekedwa pamwamba, mkati mukuwola. Anatsika masitepe mothamanga, nabwerera ndi mpeni wosendera mbatata.

“Mayi a Mayankho, mukufuna kundivula pamaso pa munthu?” ananong'ona Dunstan m'Chichewa.

“Bola ndikuvuleni lero kusiyana n'kukafukula mwana m'njerwa.”

Anabaya khoma. Phala lomatira la dzulo linali lisanaume, ndipo linayoyokera pa bulangete ngati ufa. Anakanda kuchokera pa zenera mpaka pansi. Atafika pakati, mpeni unalowa wonse, chigwiriro chokha n'kutsala kunja. Kamphepo kozizira kanamuwomba pa dzanja.

Rowland anasiya kulemba.

“Wamata ndani apa?”

“Ndine,” anayankha Dunstan, maso ali pansi. “Ndimafuna kuti mupeze pabwino.”

Mzunguyo anamuyang'ana. Kenako anagwada, nalowetsa kachitsulo koyezera mu mng'aluwo. Anajambula zithunzi, natuluka panja kukayang'ana njerwa, n'kubwerera nkhope itasintha.

“Kunjanso kwang'aluka, kuseri kwa paipi ya madzi a mvula,” anatero. “Izi si za penti ayi, zikuchokera ku maziko. Zomatazi ndizilemba, ndipo kampani idzakufunsani mafunso. Koma dandaulo lanu lilowa lero, walanti isanathe.”

Fyness anamuthokoza.

“Mwana ali kuti?” anafunsa Rowland.

“Kusukulu.”

“Asagonenso muno. Ngakhale tsiku limodzi.”

Rowland asanamalize n'komwe kuvala nsapato, Dunstan anali atagwira kale kumutu kwa bedi. Fyness anagwira kumiyendo. Pakhomo bedi linakana kutuluka, analipendeketsa, ndipo nyenyeswa za phala zinawagwera m'mapazi.

“Pang'onopang'ono,” anatero Fyness, maso ali ku khoma. “Musaligunde.”