Pulawo ya a Sajeni Moffat

Ndinawapeza kumunda atadzimangirira chingwe pachifuwa, akukoka pulawo ngati ng'ombe. Akazi awo, a Ottilia, ankaiwongolera pambuyo, nkhope ili pansi. Munali mu 1954, mvula yoyamba itangogwa. Ine ndinali mesenjala wa paboma ku Katete, ndipo bwana disi anali atandituma kukagwira munthu amene ananyamula pulawo pakhonde la sitolo ya a Mikidadi dzuwa likuswa mtengo.

Munthuyo anali a Moffat, sajeni wanga kunkhondo ya ku Bama. Tsiku limene chipolopolo chinandiboola ntchafu, iwowa ndiwo anandibereka kumsana n'kundiwolotsa mtsinje, adani akuwombera. Titabwerera kwathu ine ndinapeza ntchito chifukwa ndinkadziwa kulemba. Iwo anabwera ndi mamendulo ndi mutu wosagona tulo. Anapezako ukapitawo wa pamsewu, koma anawachotsa atamenya munthu amene anangowagwira paphewa mowadzidzimutsa.

Ataona chisoti changa chofiira anaima, ali wefuwefu.

"Evaristo, atuma iwe?"

"Inde, a Sajeni."

"Wanenepa."

Ndinasowa poyang'ana. Chingwe chinali chitawasupula khungu m'mapewa, ntchentche zikuterapo.

"Munaitengeranji, a Sajeni?" ndinafunsa.

"Sindinabe. Iwe unalipo pamene mkulu wa asilikali uja ankatiuza kuti tikabwerako tidzalandira pulawo ndi ng'ombe. Ndadikira mpaka imvi. Pulawo ndatenga. Ng'ombe ndine ndemwe."

"Koma a Mikidadi sanakulonjezeni kanthu."

Anayang'ana mzere wokhotakhota umene anali atalima. "Apo wanena zoona," anatero.

A Ottilia anagwada m'matope. "Alamu, kaneneni kuti simunawapeze. Akapita, munda uwu alime ndani? Ana adya chiyani?"

Ndikanavomera. Mawu anali atafika kale pakamwa. Koma a Moffat anavula chingwe chija n'kuchiponya pansi.

"Dzuka, Ottilia. Uyu ndinamuphunzitsa ndine, sanama kwa omutuma." Anatambasula manja onse awiri. "Unyolo uli kuti?"

"Palibe chifukwa, a Sajeni. Tingoyenda."

"Ndati unyolo."

Ndinawaveka unyolowo koma ndinalephera kuutseka. Anachita kukanikiza okha pabondo mpaka unatsekeka.

Pulawo ndinaisenza ndine. Polowa m'Katete anthu anatuluka m'masitolo kudzaonerera, ena akutchula dzina langa. A Mikidadi ataona mabala a m'mapewa aja anandikokera pambali.

"Katundu wabwera, nkhani ithere pompano," ananong'ona. "Ine sindinadziwe kuti alibe ndi ng'ombe yomwe."

Ine ndi a Mikidadi tinapita limodzi kukapempha kuti mlandu uthe, koma bwana disi anakana. Anati asilikali akale ayamba matukutuku m'midzi, ndipo pafunika mmodzi woti ena aonerepo. A Moffat anawalamula kukhala m'ndende mpaka nthawi yokolola. Munda uja unamera udzu, ndipo a Ottilia anatenga ana n'kupita kwa alongo awo ku Vubwi. Sanabwerenso.

Akaidi ankawatulutsa m'mawa kudzatchetcha udzu paboma. Ine ndinkazungulira kuseri kwa ofesi kuti ndisakumane ndi a Moffat. Tsiku lina bwana disi anandiitana mwachangu ali pakhonde, ndipo njira inali imodzi yokha, yodutsa pakati pawo. Ndinayenda nditazolika, ndikupemphera kuti asadzutse mutu.

A Moffat anandiona. Anawongoka, n'kugunditsa zidendene zawo zong'ambikang'ambika, chikwakwa chili paphewa ngati mfuti. Akaidi anzawo anafa nacho chiseko. Iwo sanaphethire n'komwe. Anaima chilili padzuwa, maso ali kutsogolo, kudikira kuti ine ndiwalamule kupumula.