Mphemvu za M'laputopu ya Katakwe

"Kwa ine zikutseguka," anatero Katakwe, buledi ali m'kamwa. "Dinani apa muone."

Mlembi sanadine. Anaima kumbuyo kwa mpando wa mkuluyo, foni ili m'manja, mabere akumulemera. Anali atangobwerera kumene kuntchito kuchokera ku tchuthi cha uchembere, ndipo Bwana anamulola kuti masana azithamangira kunyumba kukayamwitsa. Masanawo anali atakwana kale. Mng'ono wake, amene ankatsala ndi mwana, anali ataimba kuti mwanayo wakana botolo.

Chomuchedwetsa chinali buku la malangizo. Ofesi yawo inapangira mayi wina wa famase pulogalamu yosungira mankhwala, ndipo buku lake silinkalembedwa tsamba ndi tsamba. Mawu ankalembedwa m'mafayilo oyambira, kenako kompyuta inkawasandutsa masamba yokha. Tsono mayi wa famase uja akadina linki ya chithunzi, sikirini inkangomuyankha kuti fayiloyo kulibe.

"Kwa inu zitseguka, inde," anatero Mlembi, "chifukwa linki iliyonse mwaiyamba ndi adilesi ya m'laputopu mwanu, mpaka dzina lanu lilipo. Mayi aja laputopu yanu ali nayo? Linki izingoti tuluka m'foda ino, lowa m'foda ya zithunzi, basi. Buku likasamuka, njira isamuka nalo."

"Nanga osakonza bwanji, achemwali, poti mukudziwa?"

"Ndinakonza dzulo! Tsiku lonse!"

Katakwe anaseka mpaka nyenyeswa zinagwera pa mabatani. "Munakonza masamba otuluka kale aja? Mumatunga madzi ndi dengu. M'mawa uno ndapanganso buku lonse, zanu zija zafufutika."

Mlembi anamva kutentha kumaso. Ankadziwa kuti pokonza penipeni ndi m'mafayilo oyambira, koma mafayilowo ankakhala m'laputopu ya Katakwe mokha, ndipo mwini wake ankawafungatira ngati nkhuku pa mazira. Dzulo anachita mantha kuwapempha.

Chitseko cha Bwana chinatseguka. "Mayi wa famase aimbanso. Ndikufuna zithe lero."

"Ine ndili ndi msonkhano, bwana," anatero Katakwe akunyambita chala. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Ndiye Mlembi, tengani laputopuyo. Mukakonzere kunyumba, mwana ali pabere."

Apa m'pamene Mlembi anaiyang'anitsitsa laputopuyo. Mabatani ankanyezimira mafuta, zilembo zina zitakwiririka ndi litsiro. Pakona panali dontho la tiyi louma, litamata tsitsi la ndevu. M'mphepete mwa sikirini munali chotokosera m'mano chotafunidwa kumapeto. Katakwe ataipendeketsa kuti azule chingwe, m'kabowo ka mphepo munatuluka mphemvu, kenako tiana take tiwiri tofiirira.

"Alonda anga amenewo," anatero Katakwe. "Amakonda pofunda. Salipira lendi, koma sasokosa."

Mlembi anabwerera m'mbuyo. Anaganiza za chipinda chake chimodzi chija, bedi limodzi, ndi timakutu ta mwana wake.

"Pepani bwana, iyi silowa m'nyumba mwanga."

"Ndiye khalani pansi mukonzere pompano."

Foni inaliranso. Mng'ono wake anangoiyandikiza kwa mwana. Kulirako kunali kosasa mawu. Mkaka unayamba kudontha, bulauzi n'kunyowa mbali imodzi, ndipo Mlembi anaona Katakwe akuyang'ana pomwepo. Anadziphimba ndi chikwama. Kenako anatulutsa fulashi yokoperamo mafayilo n'kuibaya pa laputopupo, natenga bolopeni kuti azidinira mabatani osawakhudza.

"Ee, ee, achemwali! Mafayilo anga satuluka!"

"Nkhuyu mwadya ndinu, achimwene, koma mimba ikupota ine." Anatembenukira kwa Bwana, mawu akutuluka aang'ono kuposa mmene ankafunira. "Musankhe, bwana. Mafayilo apite ndi ine, kapena a Katakwe anyamule laputopuyi akaiike pa kauntala ya famase, poti buku lathu limatseguka mmenemu mokha. Alonda awo akalondere mankhwala."

Bwana anayang'ana patebulo. Mphemvu yaikulu ija inali itawoloka tebulo, ikukwera kapu imene iye anabwera nayo n'kuiika pamenepo. Anaiyang'ana mpaka inafika pamlomo wa kapuyo.

"Apatseni," anatero, nabwerera mu ofesi mwake kapu ataisiya.

Atatha kukopera mafayilo, bolopeni ija Mlembi anaiponya m'bini ya pakhomo. M'basi anakhala manja atawatalikitsa ndi zovala zake.

Atafika anapeza mwana atafiira ndi kulira, mng'ono wake akumuyendetsa pakhonde.

"Mulandireni, akulu, ine mutu waima!"

"Dikira."

"Adikirenso chiyani mwanayu?"

Mlembi anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, natsukuluza, nasambanso, misozi ikulengeza chifukwa cha kulirako. Fulashi anaipukuta ndi sipiriti. Atatero m'pamene anakhala pabedi n'kumulandira. Mwana anagwira bere mwaukali, akusisima.

Ndi dzanja lotsalalo anatsegula kompyuta yake n'kuyamba kufufuta adilesi ya Katakwe pa linki iliyonse. Atapanganso buku, anakopera foda yonse pamalo ena n'kudina linki yoyamba. Chithunzi chinatseguka. Mwana anali atagona, bere likadali m'kamwa, ndipo Mlembi sanamusunthe.