A Musaphethire ndi Tombolombo Wofiira

Kwa zaka makumi atatu bambowa ankajambula zithunzi za ziphaso m'kashopu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Ntchito yake inali imodzimodzi: kukhazika munthu pampando, kumuwongola chibwano ndi chala, kenako kukuwa kuti, "Musaphethire!" Mawuwo anawakanirira mpaka anasanduka dzina. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana choncho.

Vuto la a Musaphethire linali mtima wofuna kutchuka. Zinkawapweteka kuti zithunzi zawo zonse zimathera m'zikwama za anthu, zitamenyedwa chidindo pamphumi. Ndiye bungwe la ojambula litalengeza mpikisano wa zithunzi za tizilombo touluka, n'kunena kuti chopambana chidzapachikidwa m'holo, dzina la mwini wake lili pansi, iwo anati nthawi yawo yakwana. Mwana wawo wamkazi anawatumizira lenzi yojambulira tinthu ting'onoting'ono chapafupi, ndipo bambowo anasankha tombolombo. Zithunzi zinayenera kufika Lachisanu masana.

"Tombolombo!" anatero akazi awo akupinda zovala. "Ine ndakalambira m'nyumba muno, chithunzi changa chili kuti?"

"Mawa, mayi."

Mawa limenelo linayamba ana asanabadwe. M'mabuku onse a zithunzi a pabanjapo mayiwo analimo ndithu, koma zidutswazidutswa: pena dzanja lonyamula mwana, pena msana ukulowa kukhitchini, pena theka la khutu kuseri kwa keke.

Kuseri kwa nyumba kunali paipi yodontha imene inapanga kadziwe, ndipo tombolombo wofiira ankabwera pamenepo dzuwa likatentha. Lolemba a Musaphethire anamuyendera ngati kasitomala, tayi ili m'khosi. Tombolombo sadziwa ulemu. Iwo akafika kumanja, iye ali kumanzere. Akagwada, iye ali pamwamba pa mpanda, akuwayang'ana ndi maso ake odzadza mutu wonse.

Lenzi nayo inali yaumbombo. Inkangoonetsa bwino kamalo kopyapyala ngati chikhadabo, zina zonse n'kukhala chifunga. Maso a tombolombo akaoneka, mchira wasowa. Mchira ukaoneka, mutu uli ngati phala. Lachiwiri anaphunzira kuti mthunzi wawo umafika iwo asanafike, ndipo kachilomboko kamathawa mthunziwo. Lachitatu anaterereka n'kukhala pansi m'matope, kamera ataikweza m'mwamba ngati khanda. Koma tsiku limenelo anapeza chithunzi chimodzi chakuthwa, timitsempha ta m'mapiko tikuoneka tonse. Anathamangira m'nyumba kukachionetsa.

Mayiwo anachiyang'anitsitsa. "Chabwinodi. Nanga kabudula wamkati wa aneba yu, nayenso ali mumpikisano?"

Analimodi, kumbuyo kwa tombolombo, wamizeremizere, atapachikidwa pachingwe mosaopa munthu. A Musaphethire chakudya sichinalowe.

Lachinayi akazi awo anawamvera chisoni. "Abambo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimayanika zovala kumeneko tsiku ndi tsiku. Kachilombo kanuko kakauluka kamabwerera pakamtengo komwe kaja ka pafupi ndi paipi. Mukungodzithyolera mawondo."

"Ndimadziwa kale zimenezo," anatero a Musaphethire. "Ndimafuna ndione ngati inunso mukudziwa."

Lachisanu m'mawa shopu sanatsegule. Anaimika kamera pamiyendo yake itatu chambali kwa kamtengoko, kuti tombolombo akatera, thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kumchira likhale pa mtunda umodzi kuchokera pa lenzi. Dzuwa analisiya kutsogolo chapambali kuti mthunzi ugwere kumbuyo kwawo. Chinatsala n'chotchinga zovala za aneba. Anapeza katoni yobiriwira, koma katoni siima yokha.

"Mayi, tagwirani apa. Imani kuseri kwa kamtengoko. Ayi, bwererani pang'ono. Inu musaoneke, mwamva? Inu ndi kumbuyo chabe."

"Ndinazolowera," anatero mayiwo, n'kukweza katoni mpaka pamphuno.

Anadikira. Dzuwa linakwera. Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi mwa a Musaphethire, ndipo ntchentche ina inabwera kudzadzipereka kuti ijambulidwe, koma inakanidwa. Nthawi ili cha m'ma leveni, tombolombo anatulukira. Anazungulira kadziwe kawiri, anayang'ana kamtengo kake, n'kukanyoza. Anakatera pamphepete penipeni pa katoni, pafupi ndi diso la mayiwo.

"Musaphethire!" ananong'ona bambowo. Anali asananong'onepo mawuwo chibadwire.

Ananyamula kamera ndi miyendo yake yomwe, n'kusendera pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Tombolombo anali chete, mapiko atawatambasula, dzuwa likuwala mkati mwake. Mwayi woterewu subwera kawiri. Anaika diso pakamera n'kuyamba kupotokola lenzi. Koma anapotokola mopitiriza pang'ono. Tombolombo anasungunuka n'kukhala kabanga kofiira, ndipo m'malo mwake munabwera diso la munthu.

Diso limenelo ankati amalidziwa. Koma sankadziwa kuti nsidze zake zayamba imvi. Sankadziwa za timakwinya titatu ta pangodya, kapena kachipsera kakang'ono pansi pa chikope, kamene sakanatha n'kunena komwe kuti kanabwera chaka chiti. Disolo linali litafiira, lili tong'o, msozi utadzaza m'mphepete, chifukwa mwini wake anauzidwa kuti asaphethire ndipo sanaphethire. Pa anthu zikwizikwi amene anawakuwira mawu amenewo, panalibe anawamvera chotere.

A Musaphethire anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu. Lenzi yaumbombo ija sikanalola zonse ziwiri. Kubweza pang'ono chabe, tombolombo akanabwerera, ndi holo yomwe, ndi dzina pansi pa chithunzi.

"Mwajambula?" anafunsa mayiwo kuseri kwa katoni, milomo yokha ikugwedera. "Manja atopa."

Sanabweze. Anadina. Msozi unagwa, katoni inagwedezeka, tombolombo n'kuwoloka mpanda kupita kwa aneba.

"Mayo, ndakuwonongerani!" anatero mayiwo. "Dikirani, abweranso."

"Musiyeni apite. Tsitsani katoniyo."

Masana anadutsa a Musaphethire ali kushopu, osati kubungwe. Wometa tsitsi anasuzumira n'kufunsa ngati tombolombo wapezeka, iwo n'kuyankha kuti alipo, koma wakhala kumbuyo. Anatsuka chithunzicho pa pepala lalikulu kuposa onse amene anali nawo, n'kupita nacho kunyumba atachikulunga m'nyuzipepala.

Mayiwo anapukuta manja, anavala magalasi, n'kukhala pansi. Anachiyang'ana nthawi yaitali moti bambowo anayamba kukanda m'mutu.

"Ka kofiira aka ndiye kachilombo kanu kaja?"

"Eya."

"Kandidetsera chithunzi." Anadutsitsa chala pa timakwinya tija, kamodzikamodzi. "Ndiye zaka zonsezi mumadikira kuti ndiyambe ndachita makwinya? Ndinali wokongolatu ine, abambo. Mukanakhala ndi umboni."

A Musaphethire anati, "Tijambula china, nkhope yonse. Mudzavale diresi labuluu lija. Mawa."

"Mawa lanu ndimalidziwa," anatero mayiwo, chithunzi atachigwira ndi manja awiri. "Ndikufuna chomwechi. Pitani mukatenge felemu ndi msomali, ndikudikira pompano."