Khomo Lachepa

"Kokani! Inu kumbuyoko kankhani!" anakuwa a Thomson, wabutchala wa pa Nsaru, chingwe atachikulunga m'dzanja.

Bantomu anatulutsa mutu, khosi ndi linunda, koma mimba inakana. Mizati iwiri ya pakhomo la khola inamugwira m'nthiti, ng'ombe ija n'kufwenthera, kubwerera m'mbuyo, n'kuyambanso kunyambita madeya ngati palibe chachitika. Anthu amene anadzaza pabwalo anafa nacho chiseko.

Yakobo, mwini ng'ombeyo, nayenso anaseka, thukuta lili kamukamu. Chibadwire sanaonepo anthu ochuluka chonchi atabwera kudzaonerera chinthu chake. Ndi omwewa amene ankamunena atasiya sukulu ya zaulimi bambo ake atamwalira. Ankati mwana wa malemu Ezeliya wasokonekera, watsekera ng'ombe m'khola ngati nkhuku yoikira, n'kumazungulira m'minda ya eni kutola mapesi ndi masangwi a mtedza amene anzake amangotentha. Lero anali kukankhana kuti aigwireko pamsana.

"Iwe Yakobo, ng'ombeyi umaipatsa chiyani?" anafunsa a Davide, oyandikana nawo nyumba. "Undiuze ndikawapatseko alamu ako, mwina n'kuoneka ngati ndimawasamala."

"Yambani mwadya nokha, a Davide," anayankha mayi wina. "Lamba wanuyo wafika pa bowo lomaliza."

A Thomson sanaseke nawo. Anayang'ana dzuwa, n'kumukokera Yakobo pambali.

"Achimwene, ndimvereni. Mawa ndi tsiku la msika. Ng'ombeyi iyenera kufika pa Nsaru lero dzuwa lisanapendeke, alangizi a ziweto aione, kenaka ndiimangirire pa mtengo wa mango anthu aione ndi maso awo ikupuma. Anthu a kuno sagula nyama imene sanaione ikuyenda. Akaiona iyi, ndi kumva kuti yakulira pomwe pano, mawa ndikhala nditatseka isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Koma ikapanda kutuluka, ndikatenga ya munthu wina ku Kabudula."

Yakobo anadziwa kuti a Thomson sakuopseza. Anadziwanso kuti masangwi atsala mtolo umodzi, ndipo madeya omaliza anali atawathira m'khola m'mawa womwewo. Bantomu akakhala mwezi wina, mnofu wonsewo uyamba kubwerera komwe unachokera.

"Tiipake sopo m'nthitimo!" wina anatero.

Anayesa. Bantomu anatereradi pang'ono, n'kukakamira pomwe paja, thovu lili mbuu. Anayesa kumutulutsa chammbuyo, iye anaponya mwendo, a Davide n'kukagwera pa mulu wa manyowa. Ana anakuwa ngati kwagoletsedwa chigoli.

"Zulani mzati umodzi basi," anatero a Thomson. "Nkhani yatha."

A Thomson anali mlendo m'mudzimo, sankadziwa nkhani ya mizatiyo. Mizati ya muwanga ija anaizika a Ezeliya ndi manja awo, atayamba kale kutsokomola, sabata yomwe anawatengera ku chipatala osabwerako. Anapanikiza khomo dala poopa akuba, ndipo Bantomu analowapo nthiti zikuwerengeka. Chichokereni maliro, Yakobo sanalole munthu kukhomapo ngakhale msomali. M'mawa uliwonse akamabwera ndi chakudya cha ng'ombe ankagwira mzati wakumanja, pamene nkhwangwa ya bambo ake inaterereka n'kusiya chipsera.

"Tiphwasule kumbuyo," anatero Yakobo, mawu ali pansi.

"Kumbuyo kuli dzenje la ndowe, mwana iwe," anatero a Davide akudzisasa. "Ukufuna ithyoke mwendo? Ndiye a Thomson adzagula chiyani?"

Yakobo anaima chogwira mzati uja. Anthu onsewa pamaliro anadya, n'kubalalika. Zomwe zinatsala zikuima pamalo pake ndi mitengo iwiriyi.

Kenaka anthu anapatuka. Amayi ake, a Nelia, ankabwera kuchokera kuseri kwa nyumba, khasu lili paphewa, chitenje atachimanga molimba ngati akupita kudimba.

"Tasuntha," anatero.

"Amayi, mzatiwu ndi wa..."

"Ndikuudziwa. Ndinawagwirira ndine pozika, akundikalipira kuti ndapendeketsa." Anakhapa pansi kamodzi, dothi louma n'kuuluka. "Bambo ako ng'ombe yonenepa chonchi sanakhalepo nayo. Akanaiona, akanazula ndi manja, n'kuzungulira mudzi wonse akudzitama kuti nzeru unatengera iwo. Bwera ndi madzi, pansi pauma."

Yakobo anathamanga, n'kubwera ndi ndowa ikutayikira. Anathira, n'kulanda khasu kwa amayi ake. Anakumba osayang'ana munthu, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, amuna anayi akugwedeza mzati uku akuimba nyimbo yokokera. Muwanga unalimba, unalira, kenaka unazuka ndi chibuma chake.

Bantomu anatuluka mwaulemu wake, mimba ikugwedezeka uku ndi uku. Nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo.

"Ina ngati iyi ndiifuna Khirisimasi isanafike!" anakuwa a Thomson ali kale pamsewu. "Musampatse wina, mwamva?"

"Masangwi anga usatole chaka chino," anatero a Davide. "Ndikumanga langa khola."

Yakobo sanalole kuti mzati ugone padothi. Anaunyamula yekha n'kuutsamiritsa pakhonde, pamthunzi. Atatero anavula malaya odzaza matope, n'kuthamangira gulu limene linkaperekeza Bantomu, kuti pa Nsaru akalowe ali kutsogolo, chingwe chili m'manja mwake.